Chiyamiko chotsekera chaka chimene chinatayitsa mpingo miraga iwiri, ndi mmene chinakonzedwera

Lipotili likutsata nkhani ya mpingo umodzi wakumudzi m'chigawo chapakati, kuyambira pa 31 Disembala 2023 kufikira kumapeto kwa 2025. Lalembedwera abusa, akulu a mpingo, atumiki ndi alembi a sesheni amene amakonza mapemphero otsekera chaka. Mayina a anthu, a mpingo ndi a midzi sanatchulidwe.

Tchalitchi chachikulu chili pamsika wa m'mbali mwa msewu wa phula, ndipo mpingowo uli ndi miraga 9. Iwiri mwa miragayi ili kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho, umene umadzaza mvula ikagwa kumtunda ngakhale kumunsi dzuwa likuswa mtengo. Akhristu ambiri ndi alimi a chimanga, mtedza ndi soya, ndipo chopereka chawo chachikulu chimabwera kamodzi, pa Masika. Ochepa ndi amalonda, aphunzitsi ndi ogwira ntchito pachipatala chaching'ono cha pamsikapo. Ochepawa ndiwo amene mayina awo amaoneka m'buku la malisiti mwezi ndi mwezi.

M'chaka cha 2023 mpingo unali pa ntchito yofolera tchalitchi ndi malata atsopano. Mu Novembala kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya malata ndi misomali inakwera ntchito ili pakati, ndipo denga linatha kokha chifukwa amalonda owerengeka anapisanso m'thumba kachiwiri. Abusa anali ndi chifukwa chomveka chowayamikira. Cholakwika chimene chinatsatira sichinachokere mumtima woipa, ndipo n'chifukwa chake mbusa aliyense angathe kugwamo.

Usiku wolowera 2024

Tsiku la 31 Disembala 2023 linali Lamulungu. Sesheni inaona kuti mapemphero aakulu awiri tsiku limodzi alemetsa anthu, choncho a m'mawa anafupikitsidwa, ndipo lipoti la chuma, mawu oyamika a abusa ndi mutu wa chaka chatsopano zonse zinakankhidwira usiku, kuyambira 9 koloko.

Abusa anayamika Mulungu chifukwa cha denga, kenako anawerenga mayina a amene anapereka, kuyambira wa ndalama zambiri kutsika mmunsi, aliyense ndi kuchuluka kwa zimene anapereka. Oyambirira anaimbiridwa m'manja ndi nthungululu. Pofika kumapeto kwa mndandanda m'manja munali mutazizira. Msungichuma anatsatira ndi mndandanda wa miraga yotsalira pa zopereka, ndipo iwiri ya kutsidya ija inali pansi penipeni. Nthawi itatsala pang'ono kukwana 12 koloko, abusa analengeza kuti 2024 ndi chaka chimene nkhokwe zidzasefukira, napempha mpingo wonse kuti uvomere ndi Ameni wamphamvu. Za amene anamwalira m'chakacho sizinatchulidwe.

Chizindikiro choyamba anachiona ndi mlembi wa sesheni powerenga makadi a amene anapezeka pa Mgonero woyamba wa chaka. Makadi a miraga ya kutsidya anali ochepa kwambiri. Aliyense anati ndi mtsinje, ena anati ndi maganyu a kupalira, ndipo nkhani inathera pomwepo. Koma mu Febuluwale mvula inadula, mtsinje unatsika mpaka ana ankawoloka osanyowetsa kabudula, ndipo anthu aja sanabwerebe. Pa Pasaka, pa 31 Malichi, mabenchi awo anali opanda anthu. Apa mlembi anabweretsanso nkhaniyo ku sesheni ndipo anakana kuti ilembedwe kuti ndi ya mtsinje. Kusintha koyamba kunali kumeneku. Chifukwa chimene aliyense wachivomera mosavuta chimafunika kuchiyesanso nyengo ikasintha.

Zimene zinapezeka m'makomo

Sesheni sinatume akulu a miraga iwiriyo okha, poti munthu savuta kubisira mkulu wa kwawo amene anali pa guwa usiku uja. Anatuma anthu awiriawiri: mkulu wa mpingo wa mlaga wina ndi mayi mmodzi wa Chigwirizano. Anauzidwa kuti asafunse kuti bwanji simukubwera kutchalitchi, chifukwa funso limenelo limabala yankho la ulemu lopanda kanthu. Ankafika masana, kukhala pakhonde, kufunsa za kumunda ndi za ana, n'kudikira.

Chimene chinatuluka koyamba chinali cha denga. Mitengo ya bulugamu imene anachekamo matabwa a phaso inachokera m'nkhalango ya agogo ena a kutsidya, amene anaipereka yaulere. Achinyamata a kumeneko ndiwo anaisenza kuwolotsa mtsinje. Amayi a miraga yomweyo ankasinthana kuphikira amisiri, ufa ndi ndiwo akuchotsa m'nyumba zawo. Palibe ngakhale chimodzi mwa izi chimene chinadulidwa lisiti, choncho palibe chimene chinamveka usiku uja. Chimene chinamveka n'chakuti miraga yawo ili ndi ngongole. Agogo aja analipo, anayenda mtunda wonsewo mumdima ndi tochi, ndipo anabwerera m'bandakucha osauza munthu kalikonse.

Gwero lake silinali patali. Abusa analemba mawu awo oyamika kuchokera m'buku la malisiti, chifukwa ndilo buku lokhalo la mpingo limene linali lolembedwa mpaka Disembala. Kaundula wa maliro anali ataima mu Juni. Ntchito za manja sizinkalembedwa paliponse. Mbusa amayamika zimene zili pamaso pake, ndipo mpingo ukamasunga bwino buku la ndalama lokha, chiyamiko chake chidzakhala cha ndalama chaka ndi chaka.

Chachiwiri chinali cha anamfedwa. Banja lina linataya mayi wa ana aang'ono m'chakacho, mayi amene anali woyimba kwaya. Bamboyo anati iye sanakwiye, koma anaona kuti chiyamikocho n'cha anthu amene chaka chawayendera, ndipo iye alibemo malo.

Cholemera koposa chinali cha nkhokwe zija. Pofika Malichi chimanga chambiri chinali chitaumira pa ngayaye chifukwa cha El Niño, nyengo yosokoneza kagwedwe ka mvula, ndipo pa 23 Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Anthu anali atavomera Ameni wamphamvu. Achinyamata ena ankafunsa poyera kuti wanama ndi Mulungu kapena abusa. Amayi ena anali atamva kwa alaliki a pamsika kuti lonjezo silinawafikire chifukwa chakhumi chawo chinali chosakwanira, ndipo mndandanda wa miraga yotsalira uja unaoneka ngati ukutsimikiza zimenezo. Munthu amene munda wake wauma anali atasenzetsedwanso mlandu wa kuuma kwake.

Panalinso amene sanapwetekedwe ndi mawu alionse chifukwa sanawamve: okalamba, amayi a makanda ndi atsikana amene makolo sakanawalola kuyenda usiku. Chiyamiko cha mpingo wonse chinachitika pa nthawi imene mbali yaikulu ya mpingo sikanatha kufika.

Zimene sesheni inagamula

Msonkhano wa mu Epulo unali wotentha. Ena ankafuna kuti abusa apepese pa guwa Lamulungu lotsatira. Ena ankati kupepesa kuchepetsa ulemu wa ubusa ndipo anthu aiwala okha. Chimene chinagamulidwa chinasiyanitsa zinthu ziwiri. Za denga ndi za ngongole zinapweteka anthu a kutsidya, ndipo anthuwo sanali m'tchalitchi chachikulu kuti amve kupepesa, choncho abusa anawoloka mtsinje, anakachititsa Mgonero komweko, nayamba ndi kukhomo kwa agogo a mitengo aja mapemphero asanayambe. Za nkhokwe anazimva onse, choncho anazikonza pamaso pa onse mu ulaliki wa mu Meyi wochokera pa Yakobo 4:13-15, pomwe tikuchenjezedwa kuti za mawa sitizidziwa ndipo tizinena kuti Ambuye akalola. Ananena mosapita m'mbali kuti analankhula chokhumba cha mtima wawo ngati lonjezo la Mulungu, ndi kuti chilala sichinasankhe minda potengera khadi la zopereka. Ulemu wa abusa sunachepe. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mpingo unaona kuti abusa awo amamva akatsinidwa.

Chigamulo china chinadza pa Masika mu Julayi. Zokolola zinali zochepa, ndipo mwa chizolowezi chimanga chonse cha Masika chimagulitsidwa nthawi yomweyo kuti ndalama zilowe m'thumba la mpingo. Sesheni inavomereza kuti thumba limodzi pa matumba atatu alionse lisagulitsidwe, lisungidwe kudikira Januwale ndi Febuluwale. Msungichuma anatsutsa ndi mfundo yoona, yakuti mpingo uli kale ndi zotsalira zoti ulipire. Anagonja chifukwa aliyense amadziwa kuti chimanga chogulitsidwa mu Julayi chimagulidwanso pa mtengo wokwera kwambiri mu Febuluwale. Chimangacho chinayanikidwanso masiku angapo mpaka njere inkaphulika poiluma, chinapetedwa, chinaikidwa m'matumba a PICS, a zigawo zitatu osalowa mpweya, omangidwa chigawo chilichonse pachokha, ndipo chinasanjidwa pa matabwa, osakhudza pansi kapena khoma. Chitseko chinali ndi maloko awiri, kiyi wina kwa mtumiki, wina kwa mtsogoleri wa Chigwirizano, ndipo abusa sanasunge kiyi. Matumba awiri amene anaikidwa m'masaka wamba chifukwa a PICS anatha anapezeka atafumbwa mu Novembala.

Kukonza chiyamiko cha 2024

Ntchito inayamba sabata yoyamba ya Novembala, feteleza ndi kubzala zisanatenge mitima ya anthu. Mlaga uliwonse unalandira kope limodzi ndipo unapatula msonkhano umodzi wa pakati pa sabata kuti uyankhe mafunso atatu: tikuthokoza Mulungu pa chiyani chaka chino, tataya ndani kapena chiyani, ndipo tikupempha chinthu chimodzi chiti cha chaka chamawa. Wolemba anali wachinyamata wodziwa kulemba bwino, osati mkulu wa mlaga, kuti mkuluyo amasuke kumvetsera. Panawonjezedwa tsamba la ntchito za manja: ndani anakumba manda, ndani anagona kuchipatala ndi wodwala wosakhala m'bale wake, ndani anaphunzitsa Sande Sukulu chaka chonse, ndani anasesa. Aliyense amene dzina lake linafunika kutchulidwa anafunsidwa kaye.

Mlembi anatenga milungu iwiri kulinganiza makopewo ndi makaundula a ubatizo, maukwati, otsiriza kalasi, makalata osamukira ndi maliro. Mndandanda wa omwalira unabwezedwa kumiraga kuti uwerengedwe mokweza sabata imodzi tsiku lisanafike. Apa ndi pamene panapezeka dzina losowa: mayi amene anamwalira ali kwa mwana wake m'boma lina ndipo anaikidwa kwawo, maliro osadutsa pampingo. Kukanakhala kuwerenga mayina onse n'kusiya limenelo, kukanapweteka kuposa kusawerenga n'komwe. Gawo limeneli lisadumphidwe ngakhale nthawi itachepa motani.

Maumboni anasankhidwa anayi, a mphindi zitatu uliwonse, ndipo abusa anawamva kaye onse ali ndi mkulu mmodzi. Umodzi sunaloledwe mmene unalili. Mwini wake ankafuna kuthokoza kuti mdani amene ankamulodza wachititsidwa manyazi, ndipo aliyense wa m'mudzi mwake akanadziwa kuti akunena mlamu wake. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la 1911 lokhudza ufiti, ndipo pa guwa kumayatsa moto umene sesheni singazimitse. Anathandizidwa kuti athokoze pa kuchira kwake, osaloza chala. Anagwirizananso kuti matenda a munthu asatchulidwe dzina, ndi kuti obwezeredwa pa Mgonero atasungidwa ayamikidwe pamodzi, mopanda mayina.

Nkhani ya ndalama inachotsedwamo yonse. Lipoti la chuma linasamutsidwira Lamulungu lachitatu la Januwale, ndipo miraga yotsalira inakambidwa ndi akulu ake ku sesheni. Opereka zambiri analandira kalata yothokoza yosainidwa ndi abusa ndi mlembi, yoperekedwa pamanja kunyumba. Maziko ake anali Mateyu 6:3-4 ndi Yakobo 2:1-4. Komabe sesheni sinagwirizane ndi amene ankati mayina asatchulidwe n'komwe, chifukwa pa Aroma 16 Paulo akutchula anthu ambiri mayina, powakumbukira ndi ntchito ndi kukhulupirika kwawo.

Chigamulochi chinali ndi mtengo wake. Wamalonda wina amene analonjeza simenti ya zimbudzi zatsopano anamva kuti mayina ndi ndalama siziwerengedwanso, ndipo anati mpingo waiwala amene anaufolera. Abusa ndi akulu awiri anakamuona kusitolo kwake atatseka, anamuthokoza moona, koma sanasinthe chigamulo. Simenti sinabwere chaka chimenecho.

Lamulungu la pa 29 Disembala 2024

Chiyamiko chachikulu chinachitika m'mawa, pa Lamulungu lotsiriza la chaka. Usiku wa pa 31 unatsala wa nyimbo ndi mapemphero okha, ndipo miraga yakutali inaloledwa kuchita wawo komweko.

Ndondomeko inayamba ndi omwalira. Mpingo unaimirira, mlembi anawerenga mayina mlaga ndi mlaga mosathamanga, ndipo pemphero la anamfedwa linatsatira. Kuyamba ndi maliro kunatsutsidwa pokonzekera, ena akuti kuziziritsa chikondwerero. Chifukwa chake chinali chakuti wamasiye amene wamva dzina la mwamuna wake likutchulidwa amatha kuyimba nawo zotsatira, pamene amene akudikira kuti mwina litchulidwa samva kalikonse. Kenako anaitanidwa makanda obatizidwa, maukwati atsopano ndi otsiriza kalasi. Mawu oyamika a abusa anatenga mphindi pafupifupi 20, ochokera m'makope aja, ndipo mlaga uliwonse unamva chinthu chimodzi chake chenicheni. Wina unayamikidwa chifukwa cholimira munda wa mkulu wodwala. Wina chifukwa chogawana mbewu ya mbatata chimanga chitakanika. Agogo a mitengo aja anatchulidwa, ngakhale patapita chaka.

Ulaliki unachokera pa Habakuku 3:17-18, pomwe mneneri akukondwera mwa Mulungu minda itakanika kubala ndipo makola ali opanda zoweta. M'chaka chimenecho mawuwa sanafune kumasulira kwambiri.

Ziyembekezo za 2025 zinali zitatu, zosankhidwa kuchokera ku mapempho a miraga, ndipo chilichonse chinanenedwa ngati pemphero limene mpingo ukudzipereka kuligwirira ntchito, ndi dzina la udindo woliyang'anira ndi mwezi woliunika. Kuti pasakhale khomo la wokalamba kapena wamasiye losayenderedwa pakati pa Januwale ndi Malichi, atumiki ndi Chigwirizano akuyang'anira. Kuti Mgonero uziwoloka mtsinje kamodzi pa miyezi itatu iliyonse, abusa akuyang'anira. Kuti mlaga uliwonse ukhale ndi aphunzitsi awiri a Sande Sukulu, komiti ya ana ikuyang'anira. Abusa anawonjezera pempho limodzi poti 2025 chinali chaka cha chisankho, lakuti nsalu ndi zovala za zipani zisalowe m'tchalitchi kapena pa maliro a mpingo. Za mvula anangopempherera, osalonjeza.

Zimene zinatsatira

Chimanga chinagawidwa kawiri, kumapeto kwa Januwale ndi pakati pa Febuluwale, ndowa imodzi pa khomo ulendo uliwonse. Sichinakwane. Mndandanda wochokera kumiraga unali wautali kuposa matumba, ndipo atumiki anayamba ndi okalamba okhala okha ndi makomo olera ana amasiye. Panali madandaulo akuti mkulu wina analembetsa achibale ake, ndipo ulendo wachiwiri mndandanda unasainidwa ndi anthu atatu a mlagawo. Chimanga chinkanyamulidwa kupita kumakomo madzulo, osati kuitanitsa anthu kuti afole pamzere pabwalo la tchalitchi.

Mgonero wa kutsidya unalephereka mu Malichi chifukwa cha madzi, unachitika mu Juni ndi mu Seputembala. Makadi a miraga iwiriyo anabwerera pafupi ndi mmene analili kale, ngakhale mabanja angapo amene anapita ku mipingo ina sanabwerere, ndipo anapatsidwa makalata awo mwamtendere. Chisankho cha pa 16 Seputembala chinadutsa popanda mkangano wa m'tchalitchi.

Cha Sande Sukulu chinakanika. Aphunzitsi anasankhidwa mu Januwale, koma ambiri anali anyamata ndi atsikana amene pofika Epulo anali atapita kutawuni kapena ku maganyu. Vuto linali pa kasankhidwe: anatenga amene anakweza manja, osafunsa ngati adzakhalapo chaka chonse, ndipo sanawapatse mabuku kapena tsiku limodzi la maphunziro. Pounika mu Juni komiti inavomereza kuti miraga inayi ilibe mphunzitsi. Mu Novembala 2025, makope atabwereranso kumiraga, sesheni inagwirizana kuti kulepheraku kunenedwe poyera pa chiyamiko cha chaka chimenecho, ndipo pempholo libwerezedwe ndi njira ina, yophatikiza mayi kapena bambo wokhazikika pamudzi ndi wachinyamata mmodzi.

Wamalonda uja anakhala miyezi ingapo akupemphera koma osapereka ku chitukuko. Chakumapeto kwa 2025 anatumiza theka la simenti ija kudzera kwa mtumiki wa mlaga wake. Zimbudzi zinali zisanathe pamene lipotili limalembedwa, ndipo kope la ntchito za manja tsopano limasungidwa ndi mlembi pamodzi ndi buku la malisiti, kulembedwa mwezi ndi mwezi.